Amayi ophika a kuseri kwa msikiti ku Mbare: ndinawapatsa phwando la ku fakitale, nazi zomwe ndinaona

Amene mukusaka anthu oti akuphikireni pa ukwati, pa sadaka kapena pa phwando la ku ntchito muno mu Harare, ndipo mukufuna nyama yozinga yophikidwa monga timaphikira kwathu, kafunseni amayi amene amaphikira kuseri kwa msikiti wina ku Mbare, chapafupi ndi Musika, msika waukulu wa ku Mbare. Alibe chikwangwani, alibe tsamba pa Facebook, nambala yawo imangoyenda pakamwa ndi pa WhatsApp pakati pa anthu a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose. Ndi gulu la amayi achisilamu, ambiri mwa iwo ana ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Mangochi, Machinga ndi Nkhotakota, ndipo amene amalitsogolera ndi mayi wachikulire amene tonse timangowatchula kuti a Hajati. Ine ndi amene ndinabweretsa dzina lawo ku fakitale kwathu pa phwando lotsekera chaka. Ndikuwayamikira kwambiri, koma zofooka zawo ndizinenanso, chifukwa zilipo ndipo zina si zazing'ono.

Ndiyambe ndi mpunga, popeza ndi umene unatseka pakamwa anthu amene ankatsutsa. Amaphika wa Kilombero, umene amaitanitsa pa mabasi ochokera ku Blantyre ndi Lilongwe odzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda. Amene munabadwira muno ndipo simunaulawepo, dziwani kuti mpunga umenewu fungo lake limakupezani poto asanavundukulidwe. Amauphika mu msuzi wa mbuzi, ndi anyezi wokazinga mpaka kufiirira, adyo, jinja ndi zokometsera za pilawu, ndipo sugwirana. Mbuzi yake inali yofewa, yochoka yokha pa fupa koma yosaphwanyika, ndipo analibe chizolowezi choipa chija cha ophika ambiri chobisa mafupa pansi n'kuika minofu iwiri pamwamba. Munthu womaliza pa mzere analandira nyama yofanana ndi woyamba. Izi ndinaziyang'anitsitsa dala, chifukwa ndinkadziwa kuti anzanga akuyang'ana ine. Nkhuku inali ya mitundu iwiri, yachizungu yokazinga ndi ya lokolo ya msuzi. Ya lokoloyo ndi yokwera mtengo ndipo inatha msanga. Panali mkhwani wotendera nsinjiro, nyemba, ndi kabichi wosapyoza. Thobwa lawo n'la chimera cha mawere, lozizira, losatsekemera mopitirira, ndipo ngakhale anzathu ozolowera maheu a m'botolo anabwerera kachiwiri.

Pa nsima ndiye anaphonya. Anaphika ya ufa woyera, yofewa, ya kwathu. Ine ndinaikonda, koma anthu ambiri a muno amafuna sadza yolimba ya mgaiwa, ndipo anyamata onyamula matabwa anandiuza mosabisa kuti imeneyi siikhala m'mimba. Amene mukuwaitanira anthu osakanikirana, nenanitu kuti aphike miphika iwiri. Amatha kuphika yolimbayo, kungoti sanafunse.

Mtengo unali madola 5 a ku America pa mbale ya mpunga kapena nsima, nyama ya mitundu iwiri, masamba ndi thobwa. Amafuna theka la ndalama musanafike tsikulo, ndipo amalandira ndalama pamanja kapena pa EcoCash. Mwa makoteshoni atatu amene tinali nawo, awo anali apakati, sanali otsika kwambiri.

Momwe ntchitoyi inawafikira ndi nkhani yoyenera kuimva aliyense amene akuganiza zowaitanira ku ntchito kwake, chifukwa chakudya cha amayi amenewa chimabwera ndi phokoso lomwe iwo sanaliyambe. Ine ndine mlembi wa komiti ya ogwira ntchito pa fakitale ina ya mipando ku Workington. Chaka chilichonse tisanatseke mu December kampani imapereka ndalama ya phwando, ndipo komiti ndi imene imasankha wophika. Mwambo wake unali umodzi: kuotcha nyama pabwalo, soseji, nthiti za nkhumba, ng'ombe, zonse pa waya umodzi, ndi makireti a mowa. Asilamufe, amene tikhoza kukwana pa benchi imodzi, tinkangodya buledi ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi n'kumapita. Chimene komiti inali isanachione n'choti sitinali tokha. Anzathu a mipingo ya Apositoli sadya nkhumba, a Seventh-day Adventist nawonso sadya, ndipo tikawerengera pamodzi tinali gulu lalikulu lomwe chaka ndi chaka linkabwerera kunyumba ndi njala pa phwando lomwe ndalama yake ndi ya tonse. Ndinapempha kuti chaka chimenecho tiyese wophika amene chakudya chake aliyense angadye.

Mawu anayamba tsiku lomwelo. Ena ankati Mubhurandaya akufuna kudyetsa abale ake ndalama ya kampani. Dzina limeneli, lomwe anthu a muno amatitchula nalo ife a magazi a ku Malawi, nthawi zina limanenedwa mwa macheza, koma sabata imeneyo silinali la macheza. Ena anali ndi nkhawa yeniyeni ya chikhulupiriro, yoti nyama yozinga ndi yoperekedwa nsembe kwa mulungu wina. Amenewa ndinawalemekeza, ndipo ndinawafotokozera zomwe zimachitika: wozinga amatenga mpeni wakuthwa, amatchula dzina la Mulungu, amadula pakhosi msanga kuti chiweto chisazunzike, magazi n'kukha onse. Palibe guwa, palibe nsembe. Ena anakhutira, ena ayi, ndipo amene sanakhutire ndinawauza kuti padzakhala nyemba ndi masamba okwanira. Gulu lachitatu silinkalankhula za chipembedzo n'komwe, linkangoopa kuti mowa uchotsedwa. Manejala wathu anasamba m'manja, anati ndalama ndi iyi, gwirizanani nokha. Choncho ndinachita zomwe ndikulangiza aliyense: ndinabweretsa makoteshoni atatu, ndinauza komiti poyera kuti a Hajati ndimawadziwa ndipo timaswali msikiti umodzi, ndinapempha ophika onse atatu abweretse chakudya cholawa, ndipo pa nthawi yovota ndinatuluka panja. Anasankha amayi a ku Mbare ine kulibe.

Ndinkaganiza kuti zatha, koma kukakamiza kwina kunachokera kwathu komwe, ndipo kumeneku n'kumene kunandilemera. Mbiri itamveka ku msikiti, malume anga ena anandiitanira pambali titatha Jumu'a, mapemphero athu a Lachisanu masana. Anati, mphwanga, Mulungu wakutsegulira khomo, anthu onsewo akhala pansi pamodzi, pempha mphindi khumi kuti a shehe alankhule, ndipo pa tebulo lililonse tiike timabuku. Mkulu wina anali ndi ganizo lotsutsana nalo, loti Msilamu sayenera kukonza phwando lomwe pali mowa, ndiye ndiuze komiti kuti isankhe pakati pa mowa ndi amayiwa. Onse awiri ndi anthu amene ndimawapatsa ulemu, amene anandinyamula ndili mwana, ndipo kwathu munthu sukana mkulu pamaso. Ndinangoti ndamva, malume, ndikaganiza.

Amene anandimasula ndi a Hajati. Nditawafotokozera, anandiyankha akusenda adyo, osakweza mawu. Anati anthu aja aitanitsa chakudya, sanaitanitse ulaliki, ndipo kuwapatsa chomwe sanapemphe pa nthawi yomwe sangathe kuchoka n'kuwabera. Anati fupa lokakamiza limaswa mphika. Za mowa anati iwo sagula, sanyamula, sathirira munthu, koma sangalamule fakitale ya eni ake, bola tebulo la mowa likhale kutali ndi miphika yawo ndipo atsikana awo achoke anthu asanaledzere. Ndipo anadzipereka kukalankhula okha ndi akuluakulu aja, kuti nkhaniyo ichoke pamutu panga. Anapitadi. Kwa ine ichi ndi gawo la ntchito yomwe tinalipira, ngakhale silinalembedwe pa koteshoni, ndipo ndi chifukwa chachikulu chomwe ndikuwayamikirira.

Ndikufuna abale a ku Malawi amene mukuwerenga mumvetse chifukwa chake nkhani ya mphindi khumi inali yaikulu chonchi. Kwanuko Asilamu ndi ambiri, kalembera wa 2018 anapeza 13.8 peresenti, ndipo ku Mangochi kapena ku Machinga adhana, kuitana kwa ku mapemphero, imamveka mudzi uliwonse. Eid ya kumapeto kwa Ramadan ndi tsiku la tchuthi cha boma. Muno mu Zimbabwe tili pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 100 alionse, Eid ndi tsiku la ntchito ngati lina lililonse, ndipo ambiri mwa ife ndi zidzukulu za anthu amene anabwera kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu a fodya ndi m'nyumba za azungu, ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, ena wapansi, makamaka m'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira 1953 mpaka 1963, pamene mzinda uno unkatchedwa Salisbury. Kwanuko munawatcha matchona. Munonso sanawerengedwe ngati eni dziko. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu obadwira m'zipatala za muno anapezeka ali ndi ziphaso zolembedwa kuti alien. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndi amene anakonza zambiri: anazindikira unzika wa obadwira muno kwa makolo ochokera m'maiko a SADC, anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo ndime 60 imateteza ufulu wa chipembedzo, kuphatikizapo kuchifalitsa. Ufuluwo ulipo pa pepala ndipo ndimaunyadira. Koma pa fakitale, chimene chimandilola kuthamangira ku msikiti Lachisanu masana si pepala, ndi foromani amene anavomera kuti tizichedwerako pang'ono pobwera ku nkhomaliro n'kubweza nthawiyo madzulo, ndi anzathu amene amagwira makina athu ife kulibe. Mgwirizano umenewo unamangidwa pang'onopang'ono, ndi anthu amene anapuma kale ntchito. A shehe akanaimirira pa phwando lija, mawa lake nkhani ikanakhala yoti Asilamu anatitchera msampha ndi mpunga, ndipo choyamba kugwa chikanakhala Jumu'a yathu.

Musaganize kuti amayiwa sachita dawa, ntchito yoitanira anthu ku Chisilamu. Amachita, ndipo ndinganene kuti khitchini yonseyo inakhazikitsidwira zimenezo. Gawo la phindu limalipira mwalimu wa madrasa ya ana, lina limagula sanda ndi kuthandiza pa maliro a osauka. Mu Ramadan amaphika chakudya chomasulira swaumu madzulo aliwonse, ndipo pakhomo safunsa munthu chipembedzo chake. Onyamula katundu a ku Musika, ana a m'mafulati a Matapi, aliyense amakhala pa mkeka. Chimene ndimachikonda n'choti izi sazibisa kwa kasitomala. Pa tsiku lolawa chakudya, a Hajati anauza komiti yathu yonse, m'Chishona chabwino, kumene gawo la ndalama yawo limapita, kuti amene zikumuvuta anene msanga. Mnzathu wina wa mpingo wa Methodist anandiuza pambuyo pake kuti mawu amenewo ndi amene anamupangitsa kuwavotera, chifukwa amayi a ku tchalitchi kwawo amachitanso chimodzimodzi ndi ndalama za manyuchi ndi makeke.

Pali china chomwe anthu akunja sangachione. Pakati pa Asilamu a magazi a ku Malawi pali kusiyana kwakale komwe tinabwera nako: ena amachita sikiri (kuimba motamanda Mulungu) pa maliro ndi sadaka ya masiku makumi anayi, ena amati zimenezo n'zowonjezera ndipo pa maliro pafunika chete. Mabanja ena salankhulana bwino chifukwa cha nkhani imeneyi. Amayiwa amaphikira mbali zonse ziwiri, ndipo m'gulu mwawo muli a mbali zonse ziwiri. Sindinamvepo kuti akana sadaka ya munthu kapena kuti anyoza amene sachita sadaka.

Apa ndiikepo maganizo anga, popeza ndayamba kale. Timakonda kuganiza kuti dawa ndi kupita kwa anthu a kunja, koma munda wathu woyamba ndi ana athu omwe. Ana anga amalankhula Chishona ndi Chingerezi, Chichewa amangomva, Chiyao cha agogo awo sachimva n'komwe. Akuluakulu akamalangiza m'Chiyao kapena m'Chichewa chakuya, anyamata amakhala kumbuyo akuyang'ana mafoni. Madrasa imene khitchiniyi imathandiza imaphunzitsa Chiarabu cha Qur'an koma kufotokoza kwake kumachitika m'Chishona, ndipo ena amadandaula kuti tikutaya chilankhulo. Inenso zimandiwawa. Koma mwana amene wamvetsa chifukwa chomwe amaswalira amabweranso mawa, ndipo akabwera amapeza agogo akulankhula Chichewa pa mkeka. Ndalama ya mbale yanga ikapita kumeneko ndimaona kuti yagwira ntchito yoposa timabuku chikwi toikidwa pa matebulo a anthu amene sanatipemphe.

Ndabwera pa timabuku chifukwa apa m'pamene panachitika cholakwika chomwe chinandikwiyitsa. Chakudya chotsala anachiika m'timabokosi kuti anthu atengere ana kunyumba, zomwe zinali zabwino. Koma mnyamata wina amene anabwera kudzathandiza kunyamula miphika analowetsa kapepala kofotokoza za Chisilamu m'mapepala ena apulasitiki, popanda kuuza munthu. Lolemba lake, mayi wina wa Apositoli amene amagwira ku zosoka anabwera nako pa tebulo langa. Sanakalipe. Anangoti, achimwene, si mwati sipadzakhala zimenezi? Ndinachita manyazi, chifukwa ndinalonjezadi. Nditaimbira a Hajati anadabwa, anafufuza, ndipo anabwera okha pa kombi mpaka ku Workington kudzapepesa kwa mayiyo ndi kwa komiti. Kupepesako kunazimitsa moto, koma sikuchotsa mfundo yoti gulu lomwe limalonjeza chinthu liyenera kudziwa zomwe aliyense wobwera nalo akuchita. Amene mukuwaitanira ku ofesi, kusukulu kapena kulikonse kosakanikirana, nenani nkhani imeneyi momveka pokambirana, ndipo funsani kuti abwera ndi ndani.

Cholakwika chachiwiri ndi nthawi. Tinagwirizana 12 koloko, chakudya chinafika itadutsa 1 koloko. Alibe galimoto yawo, amadalira kubwereka kalole, ndipo tsiku limenelo magetsi anali atazima kuyambira usiku, choncho nyama yomwe inali mu firiji anayenera kuiphika yonse m'mawa pa nkhuni ndi gasi. Zifukwa n'zomveka kwa aliyense wokhala mu Harare, koma anthu anjala amene ayamba kale mowa sadikira mwaulemu, ndipo ola limenelo linali lalitali kwa ine. Mukawaitana, tumizani galimoto yanu kukatenga miphika, kapena auzeni nthawi yoyambirira kuposa yeniyeni.

Chachitatu ndi mapepala. Kampani yolembetsedwa imafuna invoisi yooneka bwino ndi chikalata cha msonkho cha ku ZIMRA, ndipo wopanda chikalatacho amadulidwa gawo la ndalama zake pa malipiro akuluakulu. Amayiwa anali ndi buku la malisiti la m'sitolo basi. Akauntanti wathu anavuta, ndipo anali ndi chifukwa. Zinatheka, koma malipiro awo otsala anachedwa mpaka January, zomwe zinawapweteka iwo eni. Ndinawauza a Hajati kuti ngati akufuna ntchito za makampani, mwana mmodzi wa mu msikiti amene anaphunzira za maakaunti awakonzere zimenezi. Foni nayonso imagwiridwa ndi munthu mmodzi, ndipo akakhala ku maliro mutha tsiku lonse osayankhidwa.

Pa ukhondo ndilibe dandaulo. Ndinapita kukaona kumene amaphikira ndisanabweretse dzina lawo ku komiti. Ndi khonde lofoleredwa ndi malata, pansi pa simenti, madzi m'migolo yotsekedwa chifukwa a pampopi ku Mbare sadalirika, ndipo tonse tikukumbukira kolera ya 2008 ndi ya 2018. Nyama yaiwisi ili ndi tebulo lake, masamba lake. Pa phwando anabwera ndi ndowa ya kampopi, sopo ndi beseni, ndipo mtsikana mmodzi anaima pamenepo kuonetsetsa kuti aliyense wasamba m'manja asanatenge mbale. Mbuzi amagula zamoyo n'kuzinga okha, ndipo amalola kasitomala kukhalapo ngati akufuna kuona. Onse anavala bwino, mipango kumutu, maepuloni oyera, ndipo polandira anthu ankasintha chilankhulo malinga ndi munthu, Chishona kwa uyu, Chichewa kwa uyo. Mkulu wina wa ku makina, amene ndagwira naye ntchito nthawi yaitali ndikumudziwa ngati Mshona, anayankha moni wa a Hajati m'Chichewa, n'kuwauza kuti bambo ake anali a ku Dedza ndipo ankavina gule pa famu ina ku Mazowe. Sanali atandiuzapo.

Dziwaninso kuti Lachisanu masana saphika za maoda, mu Ramadan amalandira ntchito za madzulo zokha, ndipo December amadzaza msanga chifukwa cha maukwati, choncho kambiranani nawo mu October kapena kumayambiriro kwa November. Nkhumba ndi mowa musawafunse n'komwe. Miphika ndi mbale amabwera nazo, koma mipando, matebulo ndi tenti ndi zanu.

Chaka chino komiti yanena kale kuti iitanitsanso makoteshoni atatu, ndipo amayi a ku Mbare adzapikisana ngati wina aliyense. Anyamata okonda nthiti za nkhumba apempha kuti pakhale waya wawo pakona ina ya bwalo, wogula ndi ndalama zawo, ndipo ndavomereza pamodzi ndi anzathu a Apositoli. A Hajati ndawauza kuti akafuna kupambananso abwere ndi nsima yolimba, invoisi yeniyeni ndi mayina a anthu onse amene adzakwere kalole kaja.